Mafunso ndi Mayankho: Kodi Khasu Labwino Limadziwika ndi Dziko Limene Lachokera?

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akufunsa za zipangizo zogwirira ntchito pamanja, ndipo pafupifupi onse akufuna kudziwa ngati zolimba ndi zopangidwa konkuno kapena zochokera kunja. Tasankhapo angapo amene mafunso ake akuimira a owerenga enanso.

Funso: Akonzi, ine ndine mlimi wa ku Linthipe m'boma la Dedza. Mvula isanayambe chaka chatha ndinagula makasu awiri pamsika, opakidwa penti yonyezimira, olembedwa kuti anapangidwa ku China. Lina linapindika kukamwa nditangoyamba kugalauza, ndipo linalo linathyokera pa msuka. Komatu khasu limene malemu bambo anga anagula kalekale, lopangidwa ku Blantyre, tikupalirabe nalo mpaka lero ngakhale kuti latha kwambiri. Kodi tinene kuti chilichonse chochokera ku China n'chosalimba?

Yankho: Pepani bambo, chifukwa kuthyokeredwa khasu pa nthawi yososa ndi kutaya ndalama ndi masiku omwe, pamene mvula siyembekezera munthu. Koma taonani kuti makasu anu awiriwo sanawonongeke mofanana, ndipo kusiyana kumeneko ndiko kukutiuza zimene zinalakwika pamene ankapangidwa.

Chitsulo choyenera kupangira chida chodulira kapena cholimira chimafunika kukhala ndi kaboni (chinthu chopezekanso m'makala chimene chimathandiza chitsulo kulimba) wokwanira, kawirikawiri pakati pa 0.5 ndi 0.9 peresenti. Chitsulo chofewa, chonga chimene owotcherera amapangira mafelemu a mawindo ndi mageti, chimakhala ndi kaboni wosapitirira 0.3 peresenti, ndipo sichingalimbe kwenikweni ngakhale mutachiwotcha ndi kuchiviika kangati. Chokhala ndi kaboni wokwanira nachonso sichilimba pachokha. Chida chikasulidwa, amachitenthetsa mpaka chifiire, pa madigiri pafupifupi 800, kenako amachiviika mofulumira m'mafuta kapena m'madzi. Chikatuluka mmenemo chimakhala cholimba zedi koma chosachedwa kusweka, motero amachitenthetsanso kachiwiri pa moto wochepa, pakati pa madigiri 200 ndi 400 malinga ndi ntchito yake, kuti chizitha kupirira chikagunda mwala kapena chitsa. Khasu limene lapindika kukamwa ndiye kuti linapangidwa ndi chitsulo chochepa kaboni, kapena chopyapyala mopitirira muyeso, kapena silinaviikidwe moyenera. Limene lathyokera pa msuka nthawi zambiri limakhala loti msukawo anachita kuwotcherera m'malo mousula kuchokera ku chitsulo chimodzimodzi ndi khasulo, kapena loti analiviika koma osalitenthetsanso kachiwiri.

Chilichonse mwa zimenezi chimadya ndalama. Chitsulo chabwino n'chokwera mtengo kuposa chofewa, khasu lochindikala limatenga chitsulo chambiri kuposa lopyapyala, ndipo ng'anjo yoyezedwa bwino imafuna magetsi, nthawi ndi munthu wodziwa ntchito. Fakitale ikauzidwa kuti ipange khasu la mtengo wotsikitsitsa, imachotsa chimodzi mwa zimenezi, kapena zonse, ndipo penti ndiyo imabisa chimene chachotsedwacho. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Dziko la China limapanga kuposa theka la chitsulo chonse cha padziko lapansi, matani pafupifupi 1 biliyoni pachaka, ndipo mafakitale ake ndiwo amapangira zipangizo makampani ambiri otchuka a ku Ulaya ndi ku America, amene amafuna muyeso wokhwima ndipo amaulandira. Dziko lomwelo limapanganso makasu onga amene munagulawo. Amene amasankha kuti ndi ati mwa awiriwa adzafike pamsika wa ku Linthipe ndi wamalonda amene akuitanitsa katunduyo, ndipo iye amaitanitsa zimene akudziwa kuti ziyenda msanga. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wakunja anakwera mtengo, ndipo njira yapafupi yosungira mtengo wakale wa khasu ndiyo kuitanitsa lopepuka ndi lofewa kuposa la poyamba. Choncho ine sindinganene kuti zonse za ku China n'zosalimba, koma ndinganene kuti zambiri zimene zimatifikira pa mtengo wotsikitsitsa zinapangidwa kuti zikhale zotchipa, osati kuti zikhalitse.

Khasu la malemu bambo anu, ngati linapangidwadi ku Blantyre, n'kutheka kuti ndi la kampani ya Agrimal, imene kwa zaka zambiri yakhala ikudziwika ndi makasu ndi mapulawo okokedwa ndi ng'ombe, ndipo pa nthawi ina inali pa ubale ndi kampani ya Chillington ya ku Wolverhampton ku England, ija ya chizindikiro cha ng'ona. Makasu amenewo anali ochindikala ndi oviikidwa bwino, ndipo mbiri yawo ndi yoona. Komabe tizikumbukira kuti makasu akale amene tikuwaona lero ndi okhawo amene anali abwino. Osalimba a nthawi imeneyo anatha kale ndipo palibe akuwakumbukira. Mbiri ya dziko nayonso imasintha. M'chaka cha 1887 dziko la Britain linakhazikitsa lamulo limene linachititsa kuti katundu wochokera ku Germany azilembedwa kumene wachokera, makamaka pofuna kuteteza opanga mipeni ndi zipangizo a ku Sheffield ku katundu amene ankamuona kuti ndi wotchipa ndi wonyenga. Patapita zaka zowerengeka, chizindikiro chomwecho chinasanduka chimene ogula ankachifunafuna. Katundu wa ku Japan nayenso ankanyozedwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha.

Mukadzapitanso kumsika, linyamuleni khasulo kuti mumve kulemera kwake, ndipo muyerekeze ndi lina. Yang'anani pamene msuka wakumana ndi khasu: pa losulidwa bwino chitsulo chimachindikala pang'onopang'ono kuloza ku msuka popanda mzere, pamene pa lowotcherera mumaona kamtunda kapena timabowo pansi pa penti. Ligwireni pa msuka ndi zala ziwiri n'kuligogoda ndi msomali. Likalira mogontha, mwina muli mng'alu kapena chitsulocho n'chofewa. Ngati wogulitsa akuloleni, pititsani tupa pang'ono kukamwa kwake. Tupa iyenera kudya, koma movutikira. Ikamalowa mosavuta n'kumagwetsa zitsulo zambiri, khasulo silidzapirira dothi la katondo la mu Okutobala.

Funso: Ndine makaniko wa pa galaja ina ku Ndirande. Masipanala ambiri amene ndimagula ndi olembedwa Cr-V, koma ena amayasama kukamwa ndi kudya manati. Kodi zilembo zimenezi zili ndi tanthauzo?

Yankho: Zilembozo zikutanthauza kuti m'chitsulocho anasakanizamo zitsulo zina ziwiri, chromium ndi vanadium, zimene zimathandiza kuti chilimbe mpaka m'kati ndiponso chisathyoke msanga. Ndi chitsulo choyenereradi masipanala. Vuto ndi lakuti kudinda zilembo n'kosavuta, ndipo ngakhale chitsulo chenicheni cha Cr-V chikapanda kuviikidwa bwino chimayasama chimodzimodzi.

Sipanala yabwino imadziwika ndi zinthu zimene mungathe kuona muli m'sitolo momwemo. Tengani bawuti ndi nati yatsopano ya mamilimita 13 kapena 17 m'thumba, ndipo muyese sipanala ya muyeso womwewo: iyenera kulowa bwino koma osagwedera. Yogwedera idakali yatsopano ndiyo imadya makona a nati. Yang'ananinso m'mbali mwake. Yosulidwa ndi makina amphamvu imakhala yoonda koma yolemera, yosalala, ndi manambala ooneka bwino, pamene yosungunula n'kuthira m'chikombole imakhala yonenepa, yokhakhala, ndipo ikathyoka m'kati mwake mumaoneka timibulu totuwa. Masipanala ambiri amene ali pamsika masiku ano amachokera ku Jalandhar ndi Ludhiana ku India, ku Taichung ku Taiwan, ndi ku China, ndipo malo onsewa amatulutsa abwino ndi oipa omwe. Amene a ku Taichung makamaka akhala akupangira makampani akuluakulu kwa zaka zambiri. Malangizo anga kwa inu ndi akuti musagule bokosi lonse la mtengo wotsika; gulani abwino a miyeso imene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, monga 10, 12, 13, 14, 17 ndi 19, ndipo musamalumikize paipi ku sipanala yotsegula kukamwa pomasula bawuti yadzimbiri, chifukwa ngakhale yabwino imayasama ikatero.

Funso: Akonzi, ndine mayi wa ku Mayaka m'boma la Zomba. Pamsika pathu pamabwera abambo ena osula nkhwangwa, makasu, akasemasema ndi zikwakwa. Amuna anga amati zimenezi ndi zachikale ndipo tizigula za m'sitolo, koma nkhwangwa imene ndinagula kwa iwo ikudula bwino. Kodi zosula pamanja zingafanane ndi za ku fakitale?

Yankho: Mayi, zingafanane, ndipo nthawi zina zimaposa, ngakhale kuti si nthawi zonse. Kusula si ntchito yobwera m'dziko muno. David Livingstone ndi anzake atafika m'chigwa cha Shire ndi mapiri ake m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja akukumba miyala ya chitsulo, kuisungunula m'ng'anjo zawo ndi kusula makasu, nkhwangwa, mikondo, singano ndi mivi, ndipo analemba kuti midzi yambiri inali ndi osula ake ndi owotcha makala ake. Kumpoto, Aphoka a m'mapiri a Nyika ankadziwika kutali ndi makasu awo, amene ankagwiranso ntchito posinthanitsa katundu ndi pa malowolo. Ng'anjo zimenezo zinazima pamene makasu a ku mafakitale a ku Ulaya anayamba kufika ochuluka ndi otchipa, ndiye kuti mkangano umene uli m'nyumba mwanu unayamba zaka zoposa 100 zapitazo.

Osula a masiku ano sasungunulanso miyala, koma amagwiritsa ntchito zitsulo zotha ntchito, ndipo ubwino wa chida chawo umayambira pa chitsulo chimene atola. Masipuling'i athyathyathya a malole ndi mapikapu amakhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti, ndipo ndi chitsulo chabwino kwambiri cha nkhwangwa, zikwanje ndi akasemasema. Mbale zakutha za pulawo ya thalakitala zimatulutsa makasu olimba, ndipo tupa yakale imatulutsa mpeni kapena tchizulo chakuthwa. Koma wosula akasowa zimenezi n'kutenga chitsulo cha mgolo kapena cha chitseko cha galimoto, chida chake chidzaoneka bwino koma chidzabuntha tsiku lomwelo. Choncho funso loyamba kwa iye likhale lakuti chitsulochi chachokera ku chiyani, ndipo wosula wodziwa ntchito yake sachita manyazi kuyankha.

Chachiwiri ndi maso ake. Fakitale ili ndi zoyezera kutentha, pamene wosula amayeza ndi mtundu wa chitsulo pamoto. Waluso amapukusa kapena kupopa mvukuto mpaka nkhwangwa ifiire mofanana kukamwa konse, osafika poyera kapena pothetheka, ndipo ena amayesa ndi maginito, chifukwa chitsulo chikafika madigiri pafupifupi 770 maginito amaleka kuchigwira. Akatero amaviika kukamwa kokha, n'kupala msanga ndi mwala kuti pawale, ndipo amadikira kutentha kotsala ku msuka kuti kutsikire kukamwako. Pamenepo mitundu imayamba kuyenda pa chitsulo, woyamba wonga udzu wouma, kenako wodera, wofiirira, n'kumalizira wobiriwira ngati thambo, ndipo mtundu woyenera chidacho ukangofika kukamwa amachimiza chonse m'madzi. Munthu amene amachita zimenezi akuchita ntchito yomweyo imene ng'anjo ya ku fakitale imachita. Amene amangomiza nkhwangwa yonse m'madzi ozizira n'kuitulutsa yatha, amakugulitsani chida chimene chidzabenthuka chikakumana ndi mfundo ya mtengo wouma.

Kufooka kwa zosula pamanja ndi kwakuti sizifanana: nkhwangwa ziwiri za munthu mmodzi zikhoza kusiyana chifukwa cha chitsulo kapena makala a tsikulo. Koma zili ndi ubwino umene chida cha m'sitolo sichingakupatseni, ndipo kwa ine umenewu ndiwo waukulu pa nkhani yonseyi. Amene anachipanga mumamudziwa, ndipo Loweruka likudzali adzakhala pamsika pomwepo. Nkhwangwa ikabenthuka mukhoza kumubwezera kuti aiviikenso, khasu likatha akhoza kulisandutsa kakhasu kopalirira m'dimba, ndipo angathe kusula msuka wogwirizana ndi mpini wanu ndi kukula kogwirizana ndi mphamvu zanu ndi dothi la kwanuko. Wosula amene akudziwa kuti adzayang'anizana nanu mlungu wamawa ali ndi chifukwa chochitira ntchito yake mosamala. Auzeni bambo a kunyumbawo kuti aiyese nkhwangwayo pa chikuni cholimba asanaiweruze.

Funso: Ndine kalipentala ku Mchesi mu mzinda wa Lilongwe. Amene anandiphunzitsa ntchito anali ndi pulena ndi matchizulo olembedwa Sheffield. Lero ndikagula za mayina omwewo, pa paketi palembedwa dziko lina. Kodi ndikugulitsidwa zachinyengo? Nanga bwanji masowo atsopano sakunoleka ndi tupa?

Yankho: Zachinyengo ziliko, koma kulembedwa dziko lina pakokha si umboni wa chinyengo. Dzina la kampani ndi malo a fakitale zinasiyana kalekale. Mapulena a Record ndi matchizulo a Marples ankapangidwadi ku Sheffield, koma mayinawo anagulidwa ndi makampani ena, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ntchito yambiri inasamutsidwira ku China. Ku America, fakitale ya mapulayala okhoma a Vise-Grip ya m'tauni yaing'ono ya DeWitt ku Nebraska inatsekedwa m'chaka cha 2008, ntchito n'kupita ku China, ndipo anthu oposa 300 anachotsedwa. Kubweza ntchito yotere sikophweka. Kampani ya Stanley Black & Decker inalengeza m'chaka cha 2019 kuti imanga fakitale ya madola 90 miliyoni ku Fort Worth ku Texas kuti masipanala a Craftsman azipangidwanso ku America, koma pofika 2023 inalengeza kuti ikuitseka. Makina okha sanathe kulowa m'malo mwa amisiri odziwa kusula ndi kuviika chitsulo, ndiponso mwa mafakitale ang'onoang'ono ozungulira amene anali atatha.

Kusamuka sikuti nthawi zonse kumaloza ku Asia. Mpeni wa Okapi, umene ambiri aife timaudziwa, unayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany m'chaka cha 1902, ndipo m'chaka cha 1988 ntchitoyo inasamukira ku South Africa. Chimene chimasunga ubwino wa chida fakitale ikasamuka ndi chakuti mwini dzinalo apitirize kulamula mtundu wa chitsulo ndi kuyeza zimene zikutuluka. Ena amatero, ndipo ena amapezerapo mwayi wochepetsa ndalama podalira kuti dzina lakale ligulitsa lokha.

Pa ntchito yanu, yesani chida osati dzina. Ikani lula yachitsulo pansi pa pulena, m'litali ndi m'lifupi, n'kuyang'ana kowala. Mpata ukaoneka pafupi ndi pamene pamatulukira mpeni, pulenayo idzakuvutitsani mpaka kale. Tchizulo chabwino tupa imangoterereka kukamwa kwake, ndipo mukachinola n'kudula nacho mlombwa kapena mbawa mopingasa, sichiyenera kupindika kapena kubenthuka. Zipangizo zakale za pa kaunjika, ngakhale zadzimbiri, nthawi zambiri ndi zogula mwanzeru, malinga ngati thupi la pulena lilibe mng'alu ndipo dzimbiri silinadye mabowo kumsana kwa mpeni.

Za masowo, si kuti ndi oipa. Mukayang'anitsitsa mano ake muona kuti nsonga zake ndi zakuda kapena zobiriwira, chifukwa analimbitsidwa ndi magetsi mpaka kufanana ndi tupa kulimba kwake. Amakhalitsa ali akuthwa, koma akabuntha amatayidwa, chifukwa anapangidwira maiko amene malipiro a ola limodzi la mmisiri amaposa mtengo wa sowo. Kwathu kuno masamu ake ndi osiyana, ndiye funani sowo ya mano oyera ofanana mtundu ndi thupi lake, imene mungainole ndi tupa ya makona atatu ndi kupinda mano ake uku ndi uku kwa zaka zambiri.

Funso: Ndine wophunzira pa sukulu ina ya ntchito zamanja ku Mzuzu. Ngati alimi mamiliyoni ambiri m'dziko muno amalima ndi khasu, n'chifukwa chiyani sitingapange tokha makasu onse n'kuletsa ochokera kunja?

Yankho: Funso lanu ndi lolemera, ndipo ndikugwirizana nanu pa cholinga ngakhale kuti ndikusiyana nanu pa njira. N'zopweteka kuti dziko limene chakudya chake chimachokera ku khasu lizitaya ndalama zakunja, zimene ndi zosowa kale, pogula makasu amene sakumaliza ngakhale nyengo imodzi.

Chovuta choyamba ndi chitsulo. Malawi alibe fakitale yaikulu yosungunula miyala ya chitsulo, motero aliyense wofuna kupanga makasu ochuluka amayenera kuitanitsa chitsulo cha kaboni wokwanira kuchokera kunja, kuchilipira ndi ndalama zakunja, ndi kuchinyamula ulendo wautali kuchokera ku South Africa kapena ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Kudera lathu lino nakonso chitsulo chakhala chikuvuta: fakitale ya Zisco ku Redcliff ku Zimbabwe inaima m'chaka cha 2008, ngakhale kuti ina yatsopano ya ku Manhize inayamba kutulutsa chitsulo m'chaka cha 2024. Onjezanipo kuzimazima kwa magetsi, kumene kumawononga ntchito ya ng'anjo, chiwongoladzanja chokwera cha ku banki, ndi kuti makasu amagulidwa kwambiri miyezi yochepa mvula isanagwe, pamene fakitale iyenera kulipira antchito chaka chonse. Fakitale ya ku China kapena ku India imagula chitsulo pafupi ndipo imagulitsa kumaiko ambiri a nyengo zosiyana, choncho khasu lake likhoza kufika ku Limbe lili lotchipa kuposa lopangidwa ku Limbe komweko.

Izi sizikutanthauza kuti n'zosatheka. Kampani ya Lasher ikupangabe mafosholo, mapiki, makasu ndi mawilibala ku South Africa, ndipo Tramontina ya ku Brazil, imene inayamba m'chaka cha 1911 ngati kachipala kakang'ono m'tauni ya Carlos Barbosa, lero zikwanje zake zikugulitsidwa m'maiko ambiri. Onsewa amagulidwa chifukwa ogwira ntchito anawayesa n'kuwakhulupirira.

Chifukwa chake sindikuvomereza kuletsa zonse zakunja. Kuletsa kotere kungakweze mtengo wa khasu kwa mlimi wosauka, kungachulukitse ozembetsa katundu m'malire, ndipo kungapatse wopanga wa konkuno msika umene sanaugwirire ntchito, mwakuti sangaonenso chifukwa chosamalira ng'anjo yake. Chimene chiyenera kuletsedwa ndi khasu losafika muyeso, kaya lachokera kutsidya kwa nyanja kaya ku Kanengo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, lili ndi udindo woyeza katundu wopangidwa muno ndi wolowa m'dziko, ndipo kuyeza kuchindikala, kulemera ndi kulimba kwa khasu si ntchito yovuta kapena yodula. Muyeso wotere ukamatsatidwa mosakondera, wopanga wa konkuno amaleka kupikisana ndi chinyengo n'kuyamba kupikisana ndi zida zenizeni, ndipo pamenepo kuyandikira kwake kwa alimi kumayamba kumupindulira. Ndondomeko ya Buy Malawi, imene boma linakhazikitsa m'chaka cha 2016, ingakhale ndi mphamvu pa nkhaniyi ngati maunduna, makhonsolo ndi mabungwe amene amagula makasu, mafosholo ndi mapiki ambirimbiri a ntchito za chitukuko atamagula kwa opanga a konkuno amene zida zawo zayezedwa n'kupambana. Ndikanakondanso kuti sukulu zonga yanu, pamodzi ndi bungwe la TEVETA, ziziphunzitsa mozama kasankhidwe ndi kaviikidwe ka chitsulo, osati kuwotcherera kokha, ndiponso kuti ziziitana osula a m'midzi kudzaphunzira ndi kudzaphunzitsa. Ife ogula tisanyengedwe kugula chida chosalimba chifukwa choti ndi cha kwathu, popeza kutero ndi kuphunzitsa amisiri athu kuti ntchito ya mwamwayi ili ndi msika.

Funso: Ndangoyamba kumene ntchito yolumikiza magetsi m'nyumba ku Kasungu. Kodi pulayala kapena sikuludilaiva iliyonse ya chogwirira cha pulasitiki yofiira ndi yachikasu ingateteze munthu ku magetsi?

Yankho: Ayi, ndipo pa nkhani iyi musayang'ane mtengo kapena mtundu wa chogwirira. Magetsi a ESCOM amene amalowa m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo a mawaya atatu amoto ndi a mavoti 400. Onsewa ndi okwanira kupha munthu. Pulasitiki ya pa pulayala wamba anaiikira kuti m'manja musapweteke, osati kuti itchinge magetsi. Chida choyenera ntchito yanu chimapangidwa motsatira muyeso wa IEC 60900, chimakhala ndi chizindikiro cha timakona atatu tiwiri tolowana pamodzi ndi mawu akuti 1000 V, ndipo chilichonse chimayesedwa pachokha pa mavoti 10,000 chisanatuluke m'fakitale. Zina zimakhalanso ndi chizindikiro cha VDE, bungwe la ku Germany loyeza zipangizo zamagetsi. Zida zokwaniritsa muyesowu zimapangidwa ku Germany, ku Taiwan, ku India ndi ku China komwe, koma chifukwa chakuti zizindikiro zikhoza kukoperedwa, muzigula kwa wogulitsa wokhazikika amene angakupatseni lisiti ndi kukuuzani kumene anaitanitsa. Yang'anani kuti dzina la wopanga, nambala ya muyeso ndi chaka chopangidwira zadindidwa pa chida chenichenicho osati pa paketi pokha. Chogwirira chikang'aluka, chikapsa kapena chikasendeka mpaka kuoneka mtundu wa pansi, chidacho chisagwirenso ntchito ya magetsi, ndipo musachikulunge ndi tepi. Ngakhale muli ndi zida zoyenera, zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu, onetsetsani kuti wina sangawayatse inu muli pa ntchito, ndipo yesani waya uliwonse ndi choyezera chimene mwatsimikiza kuti chikugwira ntchito musanaukhudze.